Musanati nambala yaikulu ndi prime, yesani kaye izi

Aphunzitsi anzanga a masamu, ana ambiri akaona nambala yaitali yothera ndi 3 amangoti ndi prime, kutanthauza nambala imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Tiwaphunzitse kuiyesa kaye, ngakhale opanda kakyuleta.

Tengani 458,913. Yathera ndi 3, choncho 2 ndi 5 tawachotsa kale. Phatikizani manambala ake: 4+5+8+9+1+3, mupeza 30. Popeza 30 amagawika ndi 3 koma osati ndi 9, ndiye kuti 458,913 nayonso imagawika ndi 3, koma osati ndi 9.

Njira imene ine ndimaikonda kwambiri ndi ya 7, 11 ndi 13, chifukwa 7×11×13 ndi 1,001. Dulani nambalayo pa chizindikiro cha koma (,), kenako chotsani mbali yaing'ono ku yaikulu: 913 kuchotsa 458 kutsala 455. Tsopano yesani 455 yekhayo. Ndi 7 akugawika, mupeza 65. Ndi 13 akugawikanso, mupeza 35. Ndi 11 akukana. Zimene wachita 455 ndi zomwezo zimene ichite nambala yaikuluyo.

Mukagawa ndi 3, 7 ndi 13 mutsala ndi 1,681, yemwe ndi 41×41. Apa mwana amaona yekha kuti 458,913 ndi 3×7×13×41×41. Musangomuuza yankho, mulekeni agawe pa bolodi ndi choko.