Mmene bungwe lanu ku Joni lingatetezere maina a anthu ake ndi kupita ndi manambala kwa khansala

Pafupifupi bungwe lililonse la Amalawi kuno ku Johannesburg, kaya la maliro, la mpingo kapena la anthu ochokera boma limodzi kumudzi, lili ndi buku limene mlembi amalembamo maina, manambala a foni, kumene munthu akukhala ndi mbale wake woti adziwitsidwe zikavuta. Bukuli likhoza kuthandiza kuti dera lanu lilandire madzi ndi zimbudzi, koma likhozanso kuika anthu pangozi likagwera m'manja olakwika, ndipo amene amakumbukira zipolowe zolimbana ndi alendo zimene zidayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 safunika kuwafotokozera zambiri.

Yambani ndi kugawa zolemba zanu pawiri. Buku la maina lisungidwe ndi anthu awiri okha, mlembi ndi wapampando, pamalo otseka, ndipo ngati lili pa kompyuta kapena pa foni likhale ndi nambala yachinsinsi imene gulu lonse silikuidziwa. Pepala lachiwiri, limene mungatuluke nalo pakhomo, likhale ndi manambala okha: mabanja angati, ana a msinkhu wa sukulu angati, anthu angati amatunga madzi pa mpopi umodzi. Chizolowezi chotumiza zithunzi za mapasipoti pa gulu la WhatsApp kuti msungichuma aone chilekeke lero lomwe, chifukwa chithunzi chimodzi chimatsala m'mafoni onse a pagulupo, ndipo foni imodzi ikabedwa mu takisi, zonse zapita. Musamafunsenso zimene simukuzifuna. Bungwe lofuna kupempha mpopi lilibe chifukwa chodziwira ngati mapepala a munthu ali bwino kapena adatha, ndipo chimene simudalembe palibe angakubereni.

Lamulo la dziko lino loteteza mbiri ya munthu lotchedwa POPIA, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, likunenanso zomwezi: munthu auzidwe chifukwa chimene mukutolera mbiri yake, mbiriyo igwiritsidwe ntchito pa chifukwa chomwecho, isasungidwe kupitirira nthawi imene ikufunika, ndipo ikabedwa eni ake adziwitsidwe pamodzi ndi ofesi yoyang'anira lamuloli ya Information Regulator. Choncho membala akabwerera kumudzi osadzabweranso, tsamba lake lichotsedwe ndi kuotchedwa.

Pali msampha umodzi umene ambiri sauona. Kufufuta maina sikokwanira ngati nambalayo ndi yaing'ono kwambiri. Mukalemba kuti mabanja atatu ochokera ku Mangochi amakhala m'tinyumba ta malata kuseri kwa nyumba ina mu msewu wakutiwakuti, mwawaloza ndi chala ngakhale simudatchule dzina, pakuti aliyense wa mumsewumo akuwadziwa. Phatikizani misewu ingapo kapena wadi yonse kuti munthu mmodzi asaonekere. Ine ndimaona kuti n'kwanzerunso kuwerenga onse okhala pamalopo, eni dziko, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi ife, chifukwa chimbudzi chodzadza sichisankha mtundu, ndipo pempho lochokera kwa anthu onse a m'dera limamveka kuposa la alendo okha.

Kenako yerekezani manambala anu ndi a boma. Kalembera wa dziko lino amayendetsedwa ndi Statistics South Africa, monga mmene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba idachitira kwathu mu 2018. Kalembera wa 2022 adapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni m'dziko lonse, oposa 15 miliyoni ku Gauteng ndi pafupifupi 4.8 miliyoni mu mzinda wa Johannesburg. Koma kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti anthu pafupifupi 31 mwa 100 alionse sadafikiridwe, kotero manambalawo adachita kukonzedwa poyerekeza. Ambiri a ife tidabisala alembi a kalembera atafika, poopa kuti mayankho athu akafika ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, pamene lamulo la Statistics Act la 1999 limaletsa kuulula mayankho a munthu payekha. Kubisalako kuli ndi mtengo wake, chifukwa gawo la ndalama zimene boma lalikulu limapereka ku makhonsolo limawerengedwa potengera chiwerengero cha mabanja. Tsamba la pa intaneti la Wazimap limaonetsa za wadi iliyonse, koma onani chaka chake musanakopere, popeza zambiri za pamenepo n'za kalembera wa 2011, ndipo dera ngati Diepsloot lasintha kwambiri chichokereni nthawi imeneyo.

Mzinda wa Johannesburg uli ndi mawadi 135, ndipo iliyonse ili ndi khansala ndi komiti yake. Ndondomeko ya chitukuko yotchedwa IDP imakonzedwa kwa zaka zisanu n'kuunikidwanso chaka chilichonse, ndipo poti chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julayi, bajeti yoyeserera imatuluka chakumapeto kwa Malichi kuti anthu aikepo ndemanga. Apa ndipo pofunika kufika ndi pepala lanu. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Lembani vuto, malo ake, nambala imene mudapeza, mwezi umene mudawerenga ndi njira imene mudatsata, mwachitsanzo kuti anthu anayi adayenda khomo ndi khomo masabata awiri. Nenaninso poyera malo amene simudafikeko, pakuti khansala akapeza nambala imodzi yokokomeza adzakayika zonse.

Wina pamsonkhano wopereka ndemangazo akapempha mndandanda wa maina kuti atsimikize, kanani mwaulemu, ndipo mumuitane adzaone yekha mzere wa zigubu pa mpopi m'mamawa. Pochoka, pemphani kuti akudindireni kope lanu la pepalalo ndi kulembapo tsiku, ndipo mlembi alisunge m'faelo yosiyana ndi buku la maina, kuti chaka chamawa mudzabwere nalo pamodzi ndi manambala atsopano a malo omwewo.