Kujambula kagawo ka m'thupi ndi makina a X-ray oyendetsa chubu

Buku la makinawa linabwera m'Chipwitikizi, ndipo anandipempha kuti ndiliike m'Chinyanja chifukwa cha anzathu a ku Katete ndi Chipata amene amadutsa pa Cassacatiza kudzagwira ntchito kuno ku Tete. Zoyatsa makina ndi kupukuta tebulo ndazisiya, mumazidziwa kale.

Bukuli likuti chubu, imene imatulutsa cheza cha X-ray, ndi kaseti ya filimu zimalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi, ndipo zimayenda nthawi imodzi molowera kosiyana. Chubu ikamapita kumutu kwa wodwala, filimu pansi pa tebulo imapita kumiyendo. Mawu amene anandivuta ndi fulcro, amene m'Chingelezi amati fulcrum. Ganizani za mpini wa mjigo: mukatsitsa mbali ino, mbali ina imakwera, koma pa msomali pamene mpini umazungulira sipasuntha. Ine ndalemba kuti "msomali". Chilichonse cha m'thupi chimene chili pa mulingo wa msomaliwo chimagwera malo amodzimodzi pa filimu ulendo wonse, ndiye chimaoneka bwino. Zapamwamba ndi zapansi zimakwekwesereka n'kuoneka mwachimbuuzi. Chimbuuzicho ndi chadala, musaitane amakanika.

Msomaliwo mumaukweza kapena kuutsitsa poyeza masentimita kuchokera pa tebulo. Pojambula impso, wodwala atagona chagada, yezani kaye kukhuthala kwa mimba yake, mulingo uyambire pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kumsana. Kenako jambulani tizigawo tina motalikirana sentimita imodzi.

Apa pali chosokoneza. Chubu ikayenda mtunda wautali, kagawo kamapyapyala, sikakhuthala ayi. Mtundawo umayezedwa m'madigiri: pa madigiri 50 kagawo kamakhala pafupifupi milimita imodzi, pa madigiri 10 pafupifupi mamilimita 6. Nditawerenga koyamba ndinkayesa kuti olemba alakwitsa.

Nthawi yotulutsa cheza ifanane ndi nthawi imene chubu imatenga kumaliza ulendo wake. Chifukwa chake tsitsani mA, muyeso wa magetsi odutsa mu chubu, nthawi italike. Cheza chikazima chubu ili pakati, chimbuuzi chimaperewera. Fupa lalitali limene lagona motsata njira ya chubu silizimiririka bwino, limasiya mizere pa chithunzi, choncho ngati n'kotheka lipingase njirayo.

Izi tsopano sizili m'buku. Ndinaonapo agogo ena akudzambatuka pa tebulo chubu itayamba kuuluma pamwamba pawo, filimu n'kuwonongeka. Yendetsani chubu kamodzi popanda cheza kuti aone, muwauze kuti, "Agogo, chitsulochi chidutsa pamwamba panu koma sichikukhudzani, gwirani mpweya mpaka ndikuuzeni." Onaninso kuti botolo la diripi kapena chitenje sichikola m'njira ya chitsulo. Amayi muwafunse za pakati muli awiri, chifukwa kagawo kalikonse ndi cheza china, ndipo pagulu ambiri amangoyankha kuti ayi.

Njirayi ndi yakale. André Bocage wa ku France anailembetsa kuti ndi luso lake cha m'ma 1920, ndipo CT ya Godfrey Hounsfield, sikana yojambula tizigawo ta m'thupi mothandizidwa ndi kompyuta, itajambula wodwala woyamba mu 1971, zipatala zambiri zinayamba kuisiya. Mfundo yake ikugwirabe ntchito m'makina a madokotala a mano, aja amazungulira mutu n'kutulutsa nsagwada yonse pa chithunzi chimodzi.