Njinga yovuta kulira m'mawa: vuto linali vavu ya ekizosi

Njinga yanga ya 150cc yoperekera zakudya kuno ku Joni inayamba kuvuta kulira m'mawa, ikafika pachitunda cha ku Yeoville mphamvu zii. Anzanga ankati ndi kabuleta. Ayi ndithu.

Ndinayeza kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, inali yotsika. Apa samalani achimwene: Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, choncho geji imawerenga motsikirapo ngakhale injini ili bwinobwino. Ndiye ndinadonthezera oilo pang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso. Sizinasinthe. Vuto likanakhala maring'i a pisitoni, oiloyo akanatseka mipata ndipo nambala ikanakwera.

Nditachotsa hedi, chigawo cha pamwamba pa injini chokhala ndi mavavu, ndinathira petulo m'njira ya ekizosi, n'kuona akutuluka m'mphepete mwa vavu, dontho ndi dontho. Mpata wa tapeti, umene umakhala pakati pa vavu ndi chitsulo choikankha, unali utatheratu, vavu siinkatseka yonse, mkombero wake uli bii ndi kaboni. Mwamwayi inali isanapse.

Vavuyo ndinaipeka pampando wake ndi phala lopekera (grinding paste) mpaka panaoneka mzere wotuwa wozungulira konse, n'kutsuka bwino, chifukwa phalalo likatsalira limadya injini. Gasiketi ndinaika yatsopano, mabawuti n'kumanga mopingasa. Mpata ndinautchera injini itazizira, pisitoni ili pamwamba pa chizindikiro cha T, ndi timalata toyezera mpata (feeler gauge) motsatira buku la njingayo. Tsopano imalira ndikangoponda kamodzi.