Apampando a magulu athu kuno ku Chipata, buku la mayina a anthu anu musapatse munthu

Abale anga a ku Malawi amene muli kuno ku Chipata, a ku Katete, Chadiza, Vubwi mpaka ku Lundazi uko, makamaka inu amene anzanu anakusankhani kuti mukhale apampando, alembi kaya asungichuma a magulu athu, ndamva kuti ayambanso kuzungulira anthu aja amati tikuphunzitsani utsogoleri ndipo tikufikitsani kwa akuluakulu opanga malamulo. Werengani kaye izi musanasonkhetse anthu ndalama, chifukwa ine zinandionekera ndipo mpaka pano ndikaziganiza usiku tulo timatha.

Gulu lathu linayamba ngati la maliro basi. Munthu akatisiya timasonkha kuti thupi liwoloke pa boda ya Mwami akagone kwawo ku Mchinji, ku Kasungu kaya ku Dowa. Kenako amayi a geni anayamba kubwera ndi madandaulo ena, akuti madobadoba akuwadyera ndalama panjira chifukwa iwo sadziwa kuti katundu uyu amalipira zingati ndipo uyu salipira, ena akuti ana anabadwira konkuno koma alibe pepala lililonse. Nkhani zikachuluka chonchi wapampando umayamba kulakalaka munthu wodziwa Chizungu ndi makomo a maofesi, ndiye nthawi yomweyo mpamene anatulukira mkulu wina.

Anabwera ndi laputopu, kakhadi kolendewera m'khosi, ulemu ngati wa abusa, aliyense akumutchula kuti amayi, adadi. Anati gulu lathu alilembetsa ku boma, aphunzitsa atsogoleri asanu, ndipo madandaulo athu akawatula ku Lusaka. Aliyense K150. Ena ndalama imeneyo anachita kukongola. Kenako anati kuti akuluakulu atimvere pakufunika mndandanda wonse, dzina, nambala ya foni, komboni yomwe munthu akukhala, ndiponso ndani ali ndi mapepala ndani alibe. Abale anga, ndinalemba ine, ndi dzanja langali, m'buku lachikuto cholimba lija timalembamo zamaliro, ndinayenda khomo ndi khomo m'makomboni a Mchini ndi Kapata kuwauza anthu kuti musaope, ndi zotithandiza. Anthu anandikhulupirira chifukwa ndine ndinanyamula nawo maliro a abale awo.

Wekishopu inachitikadi, masiku awiri pa loji ina, mapepala akuluakulu omata kukhoma, fanta ndi mabanzi, zithunzi zosatha. Tsiku lachiwiri mtsikana wina wa m'gulu lathu amene anafika Fomu 4 anandikoka malaya nkundinong'oneza kuti ankolo, mwawerenga nsalu ili kumbuyo kwathuyi? Pansalupo analemba kuti ife ndife othawa kwawo. Nditamufunsa mkulu uja anangoti ndi mawu chabe, azungu amamva msanga akaona choncho. Ndinayenera kudzuka pomwepo nkutenga buku langa, koma ndinakhala chete chifukwa ndinkafunitsitsa kukaonana ndi bwana amene anatilonjeza.

Tsiku la bwanayo tinafika pa ofesi ina 8 koloko mmawa titavala zoyera, tinakhala pabenchi panja mpaka 14 hours monga amanenera kuno, osadya. Mkulu uja analowa yekha. Potiitana tinangoima kumbuyo kwa desiki, chithunzi kwatha, zikomo kwambiri pitani bwino. Palibe mmodzi wa ife anatsegula pakamwa, ndipo kalata yathu yomwe tinalemba usiku wonse ndinaiona ndi maso anga ili m'chikwama chake pamene amatulutsa makiyi. Patatha milungu itatu foni yake inasiya kulira. Titafufuza tinapeza kuti mapepala olembetsa gulu sanaperekedwe nkomwe. Ndalamazo ndikanaiwala, koma anthu aja ndinalemba kuti alibe mapepala anayamba kulandira mafoni a anthu osawadziwa, akuti tumizani pa Airtel Money apo ayi tikakunenezani, tikudziwa pomwe mukukhala. Mayi mmodzi wogulitsa mandasi anadzuka usiku ndi ana ake atatu kubwerera ku Malawi, osatsanzika.

Ndiye ndikamati buku la mayina musapatse munthu, ndikunena zimenezi. Kaya wavala suti, kaya akuti wachokera ku bungwe lalikulu, kaya ndi Mmalawi mnzathu wolankhula ngati wa kwanu. Wofuna kukuthandizani pa malamulo amafuna chiwerengero, kuti amayi angati, ana angati, kangati pamwezi. Dzina ndi nyumba ya munthu azitani nazo? Ndipo funso loti ndani alibe mapepala musalilembe paliponse, ngakhale pa gulupu ya WhatsApp, zimenezo zizikhala mmutu mwanu.

Za uthawi zija musazitenge mopepuka. Othawa kwawo ali ndi lamulo lawo, Refugees Act ya 2017, ali ndi ofesi yawo ya Commissioner for Refugees, ndipo ambiri amakhala m'misasa ya ku Meheba, Mayukwayukwa ndi Mantapala. Akuluakulu a kuno amakumbukira mmene anthu a ku Mozambique anakhalira ku Ukwimi cha ku Petauke nthawi ya nkhondo, amadziwa kuti wothawa nkhondo amaoneka bwanji. Ife tinabwera kudzasaka, kudzakwatira, kudzalima fodya, ndipo lamulo lotikhudza ndi Immigration and Deportation Act ya 2010. Mukalola kutchedwa dzina losakhala lanu mwanama pamaso pa boma ndiponso mwaba mbale ya anzathu a ku Congo ndi ku Burundi amene akuvutikadi. Mukakumana nawo atsogoleri awo pa misonkhano khalani nawo limodzi, pali zambiri zomwe amadziwa kuposa ife, koma aliyense anene nkhani yake ndi dzina lake lenileni.

Kulembetsa gulu ndi kwa Registrar of Societies, zina mwa zomwe mumapita nazo ndi malamulo a gulu ndi mayina a komiti yokha, mulipire nokha ndipo mutenge risiti ya boma.

Koma musanapite kulikonse, achimwene, dziyang'aneni kaye m'thumba. Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pachaka, wobwera za bizinesi masiku 30, ndipo amalonda owolokawoloka ali ndi Cross Border Permit. Amene akuyankhulira gulu mapepala ake akhale oyera mbee. NRC, chitupa cha boma la kuno, yobiriwira ndi ya nzika za Zambia, Mmalawi wokhala mwachilolezo yake ndi ya pinki. Ndikudziwa kuti alipo amene anatenga yobiriwira ponama mudzi ndi mfumu, sindikukuweruzani, koma musaime kutsogolo, tsiku lomwe mudzakwiyitse munthu adzayambira pomwepo ndipo gulu lonse lidzagwera limodzi nanu. Khalani kumbuyo muzithandiza ndi nzeru. Za chipani nazonso ayi. Sitivota kuno. Chitenje cha chipani chikabwera chaulere mkazi wanu asavale pa msonkhano wa gulu, ndipo wandale akati bweretsani anthu anu ku rale ndikuthandizani, mukaneni mwaulemu. Maboma amasintha, ife tidzakhala tilipobe pa lendi yomweyo.

Tsono mawu athu angafike bwanji kwa opanga malamulo ngati sitivota? Ine nditapsa ndinapita kwa bambo ena achikulire a konkuno, mphunzitsi wopuma amene timapemphera nawo, ndinawafotokozera zonse misozi ili m'maso. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto ndithu. Sanandipatse satifiketi kapena alawansi, anangoti mwana wanga, Lusaka ili kutali, makilomita oposa 500, kodi a kansala a wodi yako amakudziwa nkhope? Sankandidziwa. Anapita nane okha ulendo woyamba, anayankhula iwo ine ndikumvetsera. Ulendo wachiwiri anati yankhula ndiwe, iwo anangokhala pambali chipewa chili pabondo. Pobwerera tinakhala pansi pa mtengo wa mango nkundiuza kuti apa unathamanga, apa unakwiya msanga, apa unanena zinthu zisanu pamene bwana amagwira chimodzi. Maphunziro a utsogoleri amene anandithandiza ndi amenewo, ndipo munthu wotere simumupeza pa loji, ali ku tchalitchi kwanu, ku mzikiti, mu komiti ya msika.

Chomwe anandiphunzitsa kwambiri ndi choti osapita Amalawi okhaokha. Vuto la madzi mu komboni silifunsa pasipoti. Wodi iliyonse ili ndi komiti ya chitukuko, Ward Development Committee, ndipo kuyambira 2022 pamene CDF, ndalama ya boma ya chitukuko, inakwera kuchoka pa K1.6 million kufika pa K25.7 million pa dera la phungu, nkhani za mjigo, kalasi ya sukulu ndi shedi ya msika zimayambira kumeneko. Mipando ya mmenemo musailimbirane, ndi ya eni dziko, koma a landilodi anu ndi oyandikana nawo nyumba angathe kunyamula nkhani yomwe mwagwirizana. Kumudzi yambani ndi anyakwawa, musawadumphe. Ife Achewa tili ndi mwayi woti Kalonga Gawa Undi ndi wathu tonse, ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, mu August mafumu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakhala bwalo limodzi, ndiye nkhani ya mabanja okhala mbali ziwiri za malire mafumu amaimva msanga kuposa munthu wa muofesi. Koma mukakhala m'dziko la a Mpezeni, mfumu yaikulu ya Angoni, lemekezani a Mpezeni, musamati ife mfumu yathu ili ku Katete.

Amayi a geni, nkhani yanu ili ndi khomo lake kale ndipo simukufunika dobadoba. Pali dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono, Simplified Trade Regime, la katundu wosapitirira $2,000 amene ali pa mndandanda womwe Malawi ndi Zambia anagwirizana. Pa boda yatsopano ya Mwami ndi Mchinji yomwe a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula mu December 2022 funsani desiki ya amalonda ang'onoang'ono, ndipo lowani mu Cross Border Traders Association chifukwa iwo ndi amene amaitanidwa pokambirana za pa boda. Pempho lathu ife linali limodzi lokha, kuti mitengo ndi mndandanda wa katundu zizilembedwa poonekera m'Chinyanja kuti mayi aziwerenga yekha. Pempho lotere bwana amatha kuligwira. Mukapita ndi zoti Amalawi tikuzunzika, tithandizeni, adzakumverani chisoni nkukuperekezani pakhomo.

Kalata ikhale tsamba limodzi, makope awiri, yanuyo aidinde ndi kulemba deti. Kalata yopanda chidindo sinafike, ndithu ndikukuuzani. Patatha milungu iwiri bwererani ndi kope lanu m'manja, mwaulemu, kenako bwereraninso. Ofesi ya phungu ya m'dera imalandira makalata, a DC nawonso, ndipo zokhudza mbali ya kwathu monga mapasipoti ndi ziphaso zimapita ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka, gulu lilembe ngati gulu osati aliyense kudandaula payekha pa Facebook. Wailesi monga Breeze FM kapena Radio Maria ndi yamphamvu kuno, koma ikhale yomaliza makalata atakanika, ndipo pa mphepo musatchule dzina la munthu. Wina akaopsezedwa ngati mmene anaopsezera anthu athu aja, musamuuze kuti angolipira, mperekezeni kwa a Legal Aid Board kapena a Human Rights Commission. Ine ndinazidziwa mochedwa.

Inu apampando anzanga mumandikwiyitsa pa chinthu chimodzi, mumafuna kupita nokha kulikonse. Mukaitanidwa ku msonkhano wokhala ndi alawansi simuuza munthu, mukabwerako lipoti palibe, zaka zisanu wapampando ndinu, mlembi ndi mlamu wanu. Mukadzadwala kaya pemiti ikadzatha gulu lidzatsala ndi ndani? Tengani wachinyamata mmodzi ndi mayi mmodzi wa pamsika ulendo uliwonse. Koyamba anyamule kalata ndi kulemba zomwe zanenedwa, kachiwiri anene yekha chiganizo chimodzi, kachitatu inu mukhale chete ngakhale aphonye, mukamukonzere panja. Amayi ndiwo amawoloka boda sabata ndi sabata, nkhani amaidziwa kuposa ife abambo, nanga bwanji muofesi timalowa ndife iwo nkutsala pabenchi? Mtsikana uja anandikoka malaya pa loji ndiye mlembi wathu pano, ndipo munthu aliyense wobwera ndi za maphunziro amayamba wakumana ndi iyeyo. Amamufunsa kuti bungwe lanu linalembetsedwa kuti, ofesi yanu ili pati tikaione, ndalama zikuchokera kwa ndani ndipo munalemba kuti ife ndife ndani, tikalowa kwa bwana ayankhule ndani. Awiri anabwera chaka chino, mmodzi anayankha zonse ndipo tikugwira naye ntchito bwinobwino, winayo anati abweranso mawa.

Buku lija ndinalitentha masamba onse a mayina, latsopano timalemba dzina loyamba ndi ndalama ya maliro basi, ndipo limagona kwa asungichuma. Mayi wa mandasi uja ndinayesa kumuimbira kangapo, nambala yake ya kuno siikugwira. Chiwaya chake ndi mapoto awiri a landilodi anabweretsa kwathu, akazi anga anazitsuka nkuziika pamwamba pa kabati. Ngati alipo wa ku Mchinji cha kwa Mkanda amene akumudziwa mayi amene anachoka ku Mchini usiku ndi ana atatu, mumuuze kuti katundu wake ali bwino ndipo wapampando akupepesa.