Chibayo cha ana: majakisoni atatu aja athe onse

Mwezi wa Juni ukafika, ndikamayendera mabanja ku Mbare ndi ku Epworth kuno ku Zimbabwe ndimapeza zofanana pafupifupi nyumba iliyonse. Magetsi anathima kalekale, mbaula ili pakati pa chipinda, m'mazenera mwatsekedwa ndi nsanza, ndipo khanda laligoneka pafupi ndi moto kuti lisazizidwe. Likayamba kutsokomola ndi kubanika, agogo ake amati lalowedwa mphepo.

Mphepo payokha siyambitsa chibayo, makolo anzanga. Chimadza ndi tizilombo, ndipo kamene kamatha ana ambiri ndi bakiteriya wotchedwa pneumococcus. Amakhala phee m'mphuno ndi kukhosi kwa ana ambiri athanzi, osawadwalitsa. Thupi likafooka ndi chimfine, chikuku, kunyentchera kapena utsi wa tsiku ndi tsiku, amatsikira m'mapapo, timatumba ta mpweya n'kudzaza mafinya ndi madzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 chibayo chinapha ana 740,180 osakwana zaka zisanu padziko lonse.

Katemera wake alipo, ndipo m'makiliniki a boma ndi a khonsolo salipiritsa. Malawi anayamba kum'pereka mu 2011, Zimbabwe mu 2012. Ndondomeko yake ndi imodzi m'mayiko onse awiri: jakisoni wa pantchafu mwana akakwanitsa masabata 6, wina pa masabata 10, wotsiriza pa masabata 14. Masiku omwewo amabayidwanso katemera wa pentavalent, amene mwa zina amateteza ku Hib, bakiteriya winanso woyambitsa chibayo, komanso ku chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata.

Pamene pamandidetsa nkhawa ine ndi pa jakisoni wachitatu. Woyamba sajombedwa kawirikawiri, chifukwa khanda likadali latsopano ndipo aliyense ali nalo chidwi. Kenako zimayamba zifukwa. Mwana anatentha thupi usiku atabayidwa, ntchafu inatupa pang'ono, apongozi n'kuletsa kubwererako. Kutenthako kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo si chifukwa chosiyira. Ngakhale mwana ali ndi kachimfine pa tsiku la sikelo, pitani naye, anamwino ndiwo aone.

Chifukwa china ndi chathu ife amene kumudzi kwathu ndi ku Malawi. Uthenga wa maliro ukabwera, mayi amabereka khanda n'kukwera basi ya ku Nyamapanda, kudutsa ku Tete mpaka ku Blantyre, n'kukakhalako miyezi iwiri. Tsiku la sikelo limadutsa ali pamsewu. Mayi wina ndinam'peza ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri atabayidwa kamodzi kokha. Khadi analiiwala m'chikwama cha mlamu wake kumudzi, ndipo ankaopa kupita kukiliniki poganiza kuti akam'kalipira ndi kumuyambitsanso pachiyambi. Sayambiranso ayi. Mwana amapitirira pomwe analekezera, bola pakati pa majakisoni papite masabata anayi. Mukakhala kumudzi tsikulo litakwana, kabayitseni komweko. Khadi lijambuleni pafoni lero lomwe, masamba onse, kuti likasowa pakhale pooneramo. Samalaninso ndi katemera wa chikuku, chifukwa chikuku chimakonda kusiya chibayo m'mbuyo: woyamba ndi pa miyezi 9 konsekonse, koma wachiwiri kuno ndi pa miyezi 18 pamene ku Malawi ndi pa miyezi 15.

Pneumococcus ali ndi mitundu yoposa 90, ndipo katemera amateteza ku mitundu yochepa imene imadwalitsa kwambiri. Choncho mwana wobayidwa angathe kudwalabe, n'chifukwa chake muyenera kudziwa kuwerenga mpweya wake. Dikirani akhale chete, asakulira. Vundukulani malaya, ikani wotchi ya pafoni, muwerenge kangati chifuwa chikukwera pa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60, wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, kumeneko ndi kupuma mothamanga. Yang'ananinso pansi pa nthiti. Ngati pakulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, nyamukani tsiku lomwelo. Akamakana bere, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kulefuka osadzuka, musadikire kuti kuche.

Mphini za pachifuwa sizichotsa mafinya m'mapapo, zimangodya nthawi. Makapisozi ogula pamsika nawo sindiwakhulupirira, chifukwa simudziwa kuti apsa ndi dzuwa masiku angati ndipo mlingo wa mwana umatengera msinkhu ndi kulemera kwake. Kukiliniki akakupatsani amoxicillin, mwana amwe masiku onse amene anena, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri.

Za mbaula ija, yatsirani panja mpaka utsi uthe, ndipo pogona itulutseni. Abambo osuta fodya akasutire kubwalo. Khanda liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo likadwala muziliyamwitsa pafupipafupi kuposa kale.