Kusamalira mwana amene wachitidwa opaleshoni yowongola msana

Ndinali ndi zaka 13 pamene amayi anaona kuti siketi yanga ya yunifolomu ikulendewera mbali imodzi. Anayamba akwiyira telala. Kenako anandiuza kuti ndiwerame ngati ndikufuna kugwira zala zakumapazi, ndipo nthiti zakumanja zinatumphuka kuposa zakumanzere. Madokotala nawo amayambira pomwepo, choncho mukakayikira kuti msana ukupindika, muweramitseni mwana wanu, mumuyang'ane muli kumbuyo kwake.

Kupindika kwa msana kotereku achipatala amati scoliosis. Pa X-ray amayeza kupindikako m'madigiri. Kukakhala pakati pa 25 ndi 40 mwana akukulabe, amamuveka brace, chovala cholimba chomanga thupi. Kukafika 45 kapena 50, mpamene amayamba kukamba za opaleshoni. Kwanga kunali 58. Azakhali ankati ndi zidebe zapamutu, ena ankanong'ona za ufiti. Dokotala anati kwa ana ambiri, makamaka atsikana, chifukwa chake sichidziwika, ndipo kusenza sikumene kumayambitsa.

Mvetsani zimene amachita mkatimo, chifukwa malamulo onse akunyumba amachokera pamenepo. Amamanga zitsulo ziwiri m'mbali mwa msana ndi masikuluwu, n'kuikapo tiziduswa ta fupa kuti mafupawo amerane akhale limodzi. Zitsulozo n'zongochirikiza. Kumeranako kumatenga miyezi 6 mpaka chaka. Bala lakunja likapola pakatha masabata ochepa, musanyengeke n'kumati wachira.

Phunzirani kumudzutsa musanatuluke m'chipatala. Mwana apinde maondo, atembenuke thupi lonse nthawi imodzi ngati chipika, mapewa ndi chiuno ziyendere limodzi. Akakhala chammbali, atsitse miyendo pansi uku akudzikankha ndi chigongono. Musamukoke manja. Abambo anandikokapo kamodzi mwachifundo, ndinakuwa mpaka anesi anathamangira. Pempheni wa fiziyo, wachipatala wophunzitsa odwala kuyendetsa thupi, akuonetseni kawiri katatu, inu muchite iye akuona.

Ndiye pali chimbudzi, nkhani imene palibe anatiuza. Chathu chinali chokumba, ndipo kunjuta sindikanatha. Amalume anatenga mpando wapulasitiki, anauboola pakati, n'kuuika pamwamba pa dzenje. Konzani zimenezi mwana asanafike. Bedi nalonso: pamphasa sangadzuke osapinda msana, bwerekani bedi ngakhale kwa aneba. Mankhwala amphamvu opha ululu amadzimbiritsa, ine ndinatha masiku anayi osapita. Madzi ambiri, papaya, ndiwo zamasamba, ndipo zikakanika uzani anesi, manyazi apa alibe ntchito.

Malamulo ndi atatu: osawerama, osapotoza thupi, osanyamula cholemera. Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Kusesa ndi katsache kakafupi, kusinja, kuchapa chowerama, kubereka mng'ono wake, zonsezi ziyambe zaima mpaka dokotala atalola. Pano mpamene pamavuta, chifukwa alendo amaona mtsikana wamkulu ali khale pakhonde n'kuyamba zonena zawo. Amayi ankangoyankha kuti, "Muli zitsulo mmenemo, mukufuna ndikuonetseni chithunzi?" Kukhala chete kwa mwanayo kusakupusitseni, mawuwo amamulasa. Ine ndinakatunga madzi mozemba tsiku lina kuti ndioneke munthu, ndipo usiku wonse sindinagone.

Koma asamangogona. Kuchipatala anandiimiritsa tsiku lotsatira opaleshoni. Kunyumba ayende pang'ono kangapo patsiku, lero kufika pa mtengo wa mango, mawa pa mjigo, chimanjamanja.

Thamangirani kuchipatala osadikira tsiku limene anakuuzani kuti mubwerere mukaona thupi latentha, bala likutuluka mafinya kapena madzi, miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukutuluka osaumva. Kutentha thupi musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale. Popita, mupemphereni mpando wakutsogolo mu minibasi, muike pilo kumsana. Kabaza ayi.

Kusukulu ambiri amabwerera pakatha masabata 4 mpaka 6. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu muli ndi kalata ya dokotala: asakhale pansi, apatsidwe desiki, aloledwe kuimirira msana ukatopa, zamasewera ndi zibalo zosesa azisiye kaye. Chikwama amunyamulire wina. Changa ankanyamula mchimwene wanga wamng'ono teremu yonse, ndipo malipiro ake anali theka la mandasi anga.