Kadzalidwe ndi kasamalidwe ka frangipani pabwalo la nyumba mu Lilongwe

Pa poloti yaing'ono, monga ambiri a ku Area 25, Area 49 ndi Kawale, jacaranda kapena flamboyant sakwana. Pakatha zaka zochepa mizu imatukula khonde, nthambi n'kufika pa mawaya a magetsi. Mtengo wa maluwa woyenera malo otere ndi frangipani. Amakula pang'onopang'ono, kawirikawiri amalekera pa mamita 4 mpaka 6, mizu yake si yolusa, ndipo maluwa ake amanunkhira kwambiri dzuwa likalowa. Kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Wofala kuno ndi Plumeria rubra, wa maluwa oyera okhala ndi chikasu pakati, apinki kapena ofiira, amene amayoyola masamba nthawi yachisanu. Ulipo wina, Plumeria obtusa, wa masamba onyezimira obulungira kunsonga, umene suyoyola kwambiri.

Musanagwire khasu mvetsani ichi: nthambi za frangipani n'zonenepa chifukwa zimasunga madzi. Ludzu silimupha msanga. Chomwe chimamupha ndi chinyontho chosatha, ndipo zambiri zolakwika pa mtengowu zimayambira pamenepa.

Mbewu yake ndi nthambi yodula. Dulani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, masamba atayoyoka, chisanu chikutha. Nthawi imeneyi nthaka yayamba kutentha ndipo mvula ikadali kutali, choncho nthambi imakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yoti ichite mizu pouma. Yodzalidwa mu Januwale imawola isanagwire. Yodzalidwa mu Juni imangokhala phee m'dothi lozizira osachita kanthu.

Sankhani nthambi yotalika masentimita 30 mpaka 45, yonenepa kuposa chala chachikulu, ya khungwa lotuwa kumunsi. Ikanikizeni ndi zala, ikhale yolimba. Kansonga kobiriwira kofewa musatenge. Dulani ndi mpeni wakuthwa kapena sowo yaing'ono yopukutidwa ndi sipiliti. Chikwanje ayi, chimaphwanya mnofu, ndipo pophwanyikapo ndi pamene kuwola kumalowera. Thothorani masamba otsala ndi mphukira za maluwa zomwe. Utomoni wake woyera umayabwa pakhungu, m'maso ndiye umawawa zedi. Valani magolovesi, kapena jumbo m'manja, mukamaliza musambe ndi sopo, ndipo ana asaseweretse zodulazo.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Nthambi isadzalidwe tsiku lomwe yadulidwa. Iyikeni pamthunzi popita mphepo, pa shelefu kapena pathandala osati pansi, kwa sabata imodzi kapena awiri, mpaka bala litauma n'kulimba. Bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa, tizilombo towoletsa timalowa mumtima mwa nthambi, womwe ndi wofewa, ndipo kuwolako kumakwera m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Musade nkhawa kuti ifota, madzi ili nawo okwanira. Mukaona kuti podulapo pada kapena pafewa, dulaninso kumtunda mpaka mupeze mnofu woyera, muyambirenso kuumitsa.

Tengani tchubu lalikulu kapena chigubu cha malita 5 chodulidwa pamwamba, chobooledwa mabowo angapo pansi. Sakanizani magawo awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi gawo limodzi la dothi lapamwamba. Manyowa musathire panopa, amasunga madzi pomwe nthambi ilibe mizu yomwera. Zikani masentimita 7 mpaka 10 okha, tsinderani, n'kumangirira ku kamtengo kuti isagwedezeke. Thirirani kamodzi mokwanira, kenako dikirani. Muzithiranso pokhapokha mukapisa chala chonse m'dothi n'kupeza pouma. M'kutentha kwa Okutobala zimenezi zimakhala ngati kamodzi pa sabata. Ikani pofika dzuwa la m'mawa.

Mizu imabwera pakatha masabata 6 mpaka 8. Chizindikiro chake ndi masamba awiri kapena atatu otambasuka bwino. Osazula kuti muone, mizu yoyamba imathothoka mosavuta. Nthambi ikachita makwinya, kanikizani kumunsi pafupi ndi dothi. Kukakhala kolimba ndiye kuti ndi ludzu, thirani pang'ono. Kukakhala kofewa yawola. Dulani kumtunda kumene kuli kwabwino, umitsani, mudzalenso.

Malo okhazikika akhale ofika dzuwa maola osachepera 6 pa tsiku, mamita 3 kuchokera kukhoma la nyumba kapena kumpanda, chifukwa mtengowu umatambalala pafupifupi mofanana ndi kutalika kwake. Pewani pogwera madzi a padenga, potayira madzi otsukira mbale, ndi pakati pa kapinga amene amathiriridwa tsiku ndi tsiku.

Katondo wa madera ambiri a Lilongwe alibe vuto. Ovuta ndi makande a m'mbali mwa madambo, amene amasunga madzi dzinja lonse. Yesani chonchi: kumbani dzenje la masentimita 50 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, mudzazemo madzi madzulo. Mukawapeza akadalimo m'mawa, musadzale m'dzenjemo. Unjikani mulu wokwera masentimita 30 mudzale pamwamba pake. Ngati madzi aphwa, bwezerani dothi lapamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owolerana bwino ndi ina ya mchenga. Okerani mu Disembala mvula itakhazikika. Ng'ambani tchubu ndi lezala m'malo mokoka mtengo, ndipo tsinde lisazame kuposa mmene linalili. Chaka choyamba mangirirani ku chitsulo kapena mtengo wolimba, poti mutu wake umalemera pomwe mizu ili pamwamba, ndipo mphepo ya mvula zoyamba imaugwetsa. Mukaphimbira ndi udzu, siyani mpata wa masentimita 10 kuzungulira tsinde kuti lisanyowe komanso chiswe chisaunjikane pamenepo.

M'dzinja musathirire konse. Mu Epulo ndi Meyi thirani mwa apo ndi apo. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti masamba amasanduka achikasu n'kugwa, mtengo n'kutsala mbulanda. Sunafe, ukupuma. Ena poona zimenezi amauthira madzi m'mawa ndi madzulo kuti utsitsimuke, ndipo ndi mmene amauphera, chifukwa mtengo wopanda masamba sumwa. Wokhazikika usiyeni wouma miyezi imeneyi. Timasamba tatsopano tikayamba kutuluka mu Seputembala, waung'ono upatseni malita 10 pa sabata, waukulu malita 20 pa masabata awiri alionse, mpaka mvula igwe.

Feteleza: Urea ndi CAN sungirani chimanga. Nayitrojeni wochuluka amabweretsa masamba aakulu ndi nthambi zazitali zofewa, maluwa n'kusowa. Gwiritsani D Compound, yemwe alimi a fodya amamudziwa. Mtengo waung'ono masupuni awiri akudyera, waukulu dzanja limodzi lodzaza, mozungulira masentimita 30 kuchokera patsinde, n'kukwirira pang'ono. Thirani mvula ikayamba, mubwerezenso mu Januwale. Marichi akadutsa lekani.

Kudulira kumafuna kudziwa mmene mtengowu umakulira. Maluwa amatuluka kunsonga kwa nthambi kokha, ndipo nsonga ikamaliza kuchita maluwa imagawikana pawiri kapena patatu. Choncho nsonga zikamachuluka maluwa amachulukanso, koma nsonga iliyonse yodulidwa imataya maluwa a nyengo imeneyo. Mukameta mtengo wonse kamodzi mudzakhala chaka chopanda duwa. Dulirani mu Ogasiti kapena Seputembala, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi. Yambani ndi zakufa, zopingasana m'kati ndi zotsekereza njira. Ngati mukufuna kuti nthambi iphukirenso, siyani chitsa cha masentimita 15. Ngati simukuifuna, dulani pafupi ndi tsinde. Podula pakhale mopendekera kuti madzi asakhalepo. Zodulazo ndiye mbewu yanu ina.

Matenda ofala ndi dzimbiri, makamaka mu Febuluwale ndi Marichi. Mukatembenuza tsamba mupeza timadontho ta ufa wa olenji, kenako tsamba limauma n'kugwa nthawi isanakwane. Ufawo umauluka ndi mphepo. Dzimbiri silipha mtengo waukulu koma limafooketsa waung'ono. Thothorani masamba ogwidwa, tolani akugwa, muwatenthe kapena kuwakwirira mozama; pa kompositi asapite. Mankhwala a kopa kapena Dithane amateteza masamba amene sanagwidwe, sachiritsa ogwidwa kale, ndiye poperani madontho akangoyamba, motsatira mlingo wolembedwa pa paketi.

Tizilombo toyera taubweya, tofanana ndi kodikodi wa pa chinangwa, timabisala kunsonga ndi kunsi kwa masamba. Mudzatizindikira ndi nyerere zokwera mtengo komanso mwaye wakuda pamasamba. Sungunulani masupuni aang'ono awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, popereni madzulo dzuwa litazizira, mubwereze sabata iliyonse mpaka titatha. Nsonga ikada n'kufewa, dulani mpaka pa mnofu woyera, ndipo pukutani mpeni ndi sipiliti musanadule pena.

Frangipani wodzalidwa ndi nthambi amachita maluwa pakatha chaka chimodzi mpaka zitatu, kuyambira cha mu Okutobala mpaka kumapeto kwa dzinja. Wa njere amatenga zaka zitatu kapena kuposa, ndipo mtundu wa duwa sudziwika kuti ufanana ndi wa mayi wake. N'chifukwa chake pogula kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ndi bwino kusankha umene uli ndi duwa kale.

Okhala nyumba ya lendi dzalani mu mphika wa simenti wa malita 40 mpaka 50 kapena mu theka la mgolo, mobooledwa pansi ndi kukwezedwa pa njerwa kuti madzi azituluka. Dothi likhale theka mchenga. Wa mumphika amauma msanga, choncho mu Okutobala muzipisa chala kawiri pa sabata, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chotsani dothi lapamwamba la masentimita 10 muikemo latsopano losakaniza ndi manyowa.